Khoma Lovala Chitenje cha ku Falansa

Amene amandidziwa amati ndine wapakamwa, ndipo sanama. Ndinabadwa choncho kwathu ku Malindi, kumishoni, ndipo mayi anga anachita kutopa n'kundiopseza ndi chipande. Wansembe ndinamuyankhapo, apongozi ndinawayankhapo. Koma pali tsiku limodzi limene pakamwa pangapa panandithawa, ndipo amene anavutika nazo ndi mwamuna wanga.

Ndisanakwatiwe ndinkachapa ndi kusita kwa dona wina wa ku Falansa, amene ankakhala m'mbali mwa nyanja panjira ya ku Chembe. Mwamuna wake ankangokhalira kuyeza nsomba n'kumalemba m'buku, kaya ankazifuna chiyani. Tsiku lina kunabwera bokosi lochokera kwawo, m'kati muli mipukutu ya mapepala omata pakhoma. Anaitanitsa mmisiri kuchokera ku Limbe, ndipo ine ndinasiya zovala zili m'beseni n'kuima pakhomo kuonerera mpaka chipinda chodyera chonse chitatha.

Pepalalo linali loyera motuwira, zithunzi zake zonse zamtundu umodzi, zofiira ngati dothi la katondo. Panali mbusa akuliza chitoliro nkhosa zitamugonera kumapazi. Panali anthu awiri pamlatho wamiyala, ndi kabwato pansi pake. Ndiye panali mtsikana ali pakatungwe womangidwa kunthambi ya mtengo, diresi litafufuma, miyendo ataitambasula. Ukayenda mkono umodzi zonse zimayambiranso, mbusa yemweyo, mlatho womwewo, mtsikana yemweyo, mpaka kudenga.

Donayo, ndi Chichewa chake chopunduka chija, anandiuza kuti zithunzizo sizinayambire papepala ayi. Ati kalekale kwawoko, agogo a agogo ake asanabadwe, amisiri ankazizokota pamkuwa, n'kupaka utoto, n'kudinda pansalu za thonje. Anthu ankasokera makatani ndi zofunda. Anandionetsanso kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo, kothetheka, kamene ankasunga m'galasi.

Ine ndinati, "Ndiye kuti khomali mwaliveka chitenje."

Anaseka mpaka kutsokomola. Pobwerera kwawo anandisiyira mipukutu inayi imene inatsala. Ndinaikulunga m'pulasitiki kuopa chiswe, ndipo inakhala pansi pa bedi zaka zitatu. Ndinkaikonda mipukutu imeneyo, ndisaname. Inali chinthu chokhacho chimene ndinali nacho chimene wina aliyense m'Mangochi analibe.

Mwamuna wanga anali Msilamu wa m'tauni momwemo, munthu wofatsa, woti akaponda nyerere ankatembenuka kuiona. Tinatsegula tiyirumu pafupi ndi msika, matebulo anayi ndi mabenchi, tiyi wamkaka, masikono ndi mandasi. Layisensi inali m'dzina lake. Mwana wathu woyamba anali ndi miyezi isanu.

Masiku amenewo dziko linali la chipani chimodzi. Sitolo iliyonse, ofesi iliyonse, ngakhale katiyirumu ngati kathu, pakhoma pankayenera kukhala chithunzi cha Pulezidenti. Lamulo lake aliyense ankalidziwa, ngakhale ine sindinalionepo litalembedwa: pasakhale kanthu pamwamba pa chithunzicho. Wotchi m'munsi. Kalendala m'munsi. Ngakhale chithunzi cha bambo ako okubereka, m'munsi. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ndipo akatengedwa sunkafunsa kuti apita kuti.

Nyumba yathuyo inalibe siling'i. Khoma loyang'anana ndi khomo linkasongoka kukwera mpaka kumalata. Msomali wa chithunzi mwamuna wanga anaukhoma pamene mkono wake unalekezera atakwera patebulo, ndipo pamwamba pake panatsala khoma lopanda kanthu, mikono iwiri kapena kuposerapo. Khoma lonselo linali lakuda ndi utsi, ndipo linkandinyansa.

Nditatulutsa mipukutu ija n'kumuonetsa, anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero, "nyumba yodzaza zithunzi za anthu angelo salowamo."

"Nanga icho?" Ndinaloza ndi milomo chithunzi chapakhoma chija.

Anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana kuwindo, ngakhale tinali awiriwiri. "Pakamwa panupo," anatero motsitsa mawu. Kenako anagonja, monga ankachitira nthawi zonse. "Matani. Koma mulekeze pamsomali. Pamwambapo pakhale poyera."

Ndinavomera, ndipo povomerapo sindinkanama.

Sabata yotsatira kunagwa maliro a malume ake ku Makanjira, ndipo anakwera lole n'kupita masiku anayi. Ine ndinatseka tiyirumu. Ndinaphika phala la ufa wa chinangwa, lolimba bwino, n'kudonthezamo parafini kuti mphemvu zisadye. Makwerero ndinabwereka kwa kalipentala woyandikana nafe. Chithunzi ndinachichotsa ndi manja awiri n'kuchigoneka pabedi, n'kuyamba ntchito mwana ali kumsana.

Kumata pepala lotere si kungopaka phala ayi. Ndinaona mmisiri uja akuchita. Mzere uliwonse umathera pakati pa chithunzi, theka la nkhosa uku, theka linalo pamzere wotsatira, ndiye umakweza kapena kutsitsa mpaka nkhosayo ikhale yathunthu. Ukaphonya pang'ono, mlatho umathyoka pakati. Umasalaza ndi kansalu kouma kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Ndinachita zimenezo masiku awiri, msana ukuchita kuyaka, ndipo palibe nkhosa imene inatuluka ndi mitu iwiri.

Nditafika pamsomali ndinatsika, n'kukaima pakhomo kuti ndione. Aaa! Khoma linkaoneka ngati mkazi amene wamanga chitenje koma waiwala bulauzi. Komanso podula pamsomalipo, abusa onse a mzere wam'mwamba anatsala opanda mitu. Mpukutu umodzi wathunthu unali chikhalire patebulo. Ndinayamba kudziuza ndekha kuti lamulo limanena za zopachika, wotchi, kalendala, zoterozo. Ili ndi khoma lenilenilo. Kodi khoma amalipachika? Ndinakweranso makwerero n'kumata mpaka kumalata. Ndinabwezera chithunzi pamsomali wake, n'kuchipukuta galasi, ndipo maso anga ankangoona mokumanira mizere, ngati mwalunjika.

Mwamuna wanga anafika Lachisanu m'mawa, fumbi lili mbuu thupi lonse. Anaima pakhomo chikwama chili m'manja, osapereka n'moni womwe.

"Astaghfirullah," anatero, kupempha Mulungu kuti akhululuke.

"Bwanji? Sichinakongole?"

"Bwerani muime pano."

Ndinapita. Anandilozera ndi chibwano. Pamwamba penipeni pa chithunzi cha Pulezidenti panali mtsikana wapakatungwe uja, diresi lili m'mwamba, ndipo chidendene chake chinagunda ndendende pafelemu. Ukayang'ana uli pakhomo, ankaoneka kuti waponda pamutu.

Ndinaona, inde, ndinaona bwinobwino. Koma manyazi anga ine satuluka ngati manyazi, amatuluka ngati ukali.

"Ndani angaone zimenezo?" ndinatero.

"Ine ndaona ndisanalowe n'komwe. Amayi, chotsani lero."

"Lero? Masiku awiri ndakhala pamakwerero mwana wanu ali kumsana, inu muli kodya mpunga wapamaliro, ndiye mungofika n'kuti chotsani? Mawa ndi Loweruka, anthu aone kaye. Ndidzachotsa Lolemba."

"Lolemba n'kutali."

"Mantha anuwo! Mwamuna wanji woopa kamtsikana kapapepala?"

Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero amandiwawa. Akanakhala mwamuna wina akanandikankhira kumbali n'kukang'amba yekha. Iye anangosamba, n'kuvala mkanjo wake, n'kupita kumzikiti. Atabwerako anayesa kusuntha chithunzi, koma kulikonse kumene akanachiika, pamwamba pake panali munthu, kaya mbusa, kaya awiri apamlatho aja. Anachibwezera pomwepo.

Loweruka tiyirumu inadzaza ngati sinadzazepo. Amayi ogulitsa tomato ankasuzumira pawindo. Asodzi awiri ochokera ku Chembe anakangana ngati kabwato kapansi pa mlatho kangapirire mwera. Telala wina wachikulire anasisita khoma ndi zala n'kundifunsa ngati nsalu yake ingapezeke, ine n'kumufotokozera za mkuwa ndi thonje ngati ndinaliko ku Falansako. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkamuponyera mwamuna wanga diso lakuti, mwaona? Iye ankathira tiyi, osayang'ana khoma ngakhale kamodzi.

Cha m'ma teni koloko analowa atcheya a chipani a m'dera lathu. Anali bambo ogulitsa maukonde ndi mbedza pamsika, kasitomala wathu wa tsiku ndi tsiku, munthu wosavuta. Anakhala pamalo pawo pa masiku onse, poyang'anana ndi khoma lija. Anakweza maso, n'kuwatsitsa msanga, n'kuyamba kutakasa tiyi. Ndinadziwa kuti aona, ndipo ndinadziwanso kuti asankha kusaona.

Tsoka silinunkha. Patebulo lapakhomo panali dalaivala wa lole ya nsomba, mlendo, wamawu aakulu, woti sankadziwa kuti wakhala ndi ndani. Anamwa tiyi, n'kubweza mutu chambuyo, n'kuphulika chiseko.

"Koma mtsikana uyu ndiye alibe mantha! Taonani pamene wapondapo!"

Wina anali atanyamula sikono, dzanja linaima m'malere. Dalaivalayo anayang'ana uku ndi uku, chiseko chikumuuma pamilomo, kenako anadzuka n'kutuluka, ndipo tinamva lole ikulira. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osathamanga, osatsanzika, makapu ali theka. Telala uja anatuluka akupukuta zala zake pathalauza.

Anatsala atcheya okha, akuyang'ana m'kapu. Anaitana mwamuna wanga ndi dzanja.

"Achimwene," anatero, "tiyi wanu ndamwa zaka ziwiri. Koma muno sindinali ndekha. Ndikapanda kukanena ine, wina akanena kuti ndinalipo ndipo ndinangokhala. Ndili ndi ana inenso." Anadzuka n'kuvala chipewa. "Ndiyenda pang'onopang'ono."

Atangotuluka, mwamuna wanga anatseka chitseko. Sanandikalipire. Bwenzi atandikalipira!

"Nyowetsani khomalo, muyambe kupala pamwambapo. Ine ndikagule laimu wopaka khoma."

Anatulukira kuseri akuthamanga. Makwerero ndinali nditabweza kale, ndipo kalipentala anali atatseka shopu yake atangomva nkhaniyo. Ndinakokera tebulo kukhoma, n'kusanjikapo mpando, n'kukwera ndi ndowa ya madzi ndi mpeni wodulira buledi. Mpando unkagwedera. Mwana anadzuka kumsana n'kuyamba kulira.

Inu, phala la chinangwa limagwira! Ndinadzitama nalo Lachinayi, Loweruka ndinalitukwana. Pepala linkangosupuka pamwamba, tizidutswa tating'onoting'ono, kwinako kuli gwa ngati linamera pomwepo. Ndinathira madzi ambiri. Madziwo anayamba kutsetsereka pakhoma, ofiira ndi utoto, kulunjika pachithunzi. Dontho limodzi linagwera pafelemu, lina pagalasi.

Ndinachita mantha kuti chinyowa. Ndinachichotsa pamsomali n'kutsika nacho. Poti ndichiike pati? Matebulo onse anali ndi tiyi wotayika ndi makapu. Kuchipinda kunali kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaona ngati nthawi yopita kumeneko palibe. Ndinachitsamiritsa kumwendo wa benchi, pansi, ndikuti kamphindi chabe. Ndinakweranso n'kuyamba kumupala mtsikana uja, kuyambira kumapazi.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva chitseko chikukankhidwa. Analowa anyamata atatu a chipani a malaya ofiira, ndi bambo wina wajekete amene sindinkamudziwa, atanyamula kabuku. Atcheya anaima kunja, maso ali pansi.

Palibe amene anayang'ana khoma. Onse ankayang'ana pansi. Madzi anali atayenderera pasimenti mpaka kufika pafelemu, ndipo pagalasi, pankhope penipeni, panamatirira kachidutswa konyowa ka pepala, ka mwendo wa nkhosa.

"Mayi, tsikani," anatero wajeketeyo. Sanakweze mawu.

Ndinatsika. Mpeni unali m'manja mwanga, ndipo mmodzi wa anyamatawo anandilanda mwaulemu ndithu.

"Watsitsa chithunzichi ndani?"

Mwana anali atasiya kulira, ndinkamumva akupuma pakhosi panga. Ndinkadziwa kuti mkazi akatengedwa ali ndi khanda, khandalo limapita naye. Ndinkadziwanso kuti ena ankabwerako opanda khandalo. Zimenezi zinkayenda m'mutu mwanga, ndipo ine amene ndinayankha wansembe ndinangoima chilili.

"Mayi, ndikufunsa. Wamata zinthu izi ndani, ndipo watsitsa chithunzi ndani?"

"Ndine."

Anali mwamuna wanga, ali pakhomo lakuseri, thumba la laimu lili paphewa, malaya atayera mbali imodzi. Analitula pansi bwinobwino.

"Ndamata ndine, ndatsitsanso ndine. Mkaziyu ndangomutuma kuti apale."

Wajekete uja anamuyang'ana, n'kulemba m'kabuku, kenako anatembenukira kwa ine.

"N'zoona zimenezi, mayi?"

Msika wonse unkadziwa kuti mwamuna wanga anali kumaliro ku Makanjira. Kalipentala ankadziwa amene anabwereka makwerero. Atcheya ali panjapo ankadziwa. M'zikhadabo zanga munali mudakali phala la Lachinayi. Chimene ndinkayenera kunena chinali liwu limodzi lokha, lakuti ayi. Mwamuna wanga sankandiyang'ana, ankayang'ana kamutu ka mwana kumsana kwanga.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anthu amene ndinawauzapo nkhaniyi amati, aaa, mukanatani, munali ndi mwana. Zikomo, koma sakudziwa. Mwana analipo, inde, koma ndinkaopanso ineyo pandekha, thupi langali. Ndikanangokhala chete, mwina bwenzi ndikudzikhululukira. Koma ndinagwedeza mutu, kawiri konse, kuti bamboyo aone bwino.

Wajekete uja anauza mwamuna wanga kuti atole chithunzicho. Anachitola, n'kuchotsa kachidutswa kaja, n'kupukuta galasi ndi mbali youma ya malaya ake, n'kukwera patebulo kuchibwezera pamsomali. Pamwamba pake mtsikana uja anali atatsala kuyambira m'chiuno kupita kumutu, akumwetulirabe. Kenako anthu aja anatuluka naye mwamuna wanga. Kunja kunali galimoto yatenti kumbuyo, ndipo msika wonse unali utapeza chochita choyang'ana kwina. Pokwera anatembenuka.

"Amayi, mbaula ikadali ndi moto. Muzime."

Ndinazima. Ndinasungunula laimu uja n'kupaka khoma lonse kuyambira kumalata mpaka pansi, ndi tsache. Utauma, abusa aja anatulukiranso, otuwa, akuoneka pansi pa laimu. Ndinapaka kachiwiri, anatulukanso. Ndinapaka katatu manja mpaka kusupuka, ndipamene anabisika.

Tiyirumu inakhala yotsegula koma yopanda munthu. Ndinkaphika mandasi n'kudya ndekha. Apongozi anga sanandinene kanthu, ankangobwera kudzatenga mwana n'kumubweza, ndipo kusanena kwawoko kunkandilasa kuposa kutukwana. Ndinapita kuboma kukafunsa kawiri. Ulendo wachiwiri mlonda wapageti, bambo wachikulire, anandikokera pambali n'kuti, "Mwana wanga, ukabweranso kachitatu akulemba nawenso. Pita ukadikire kunyumba." Atcheya ndikakumana nawo pamsika ankalowa pakati pa maukonde awo. Sindinkawada. Ndikanawada bwanji, ine ndi iwo titachita chimodzimodzi?

Mwamuna wanga anabwera patatha miyezi inayi, mvula itayamba. Ndinali kuseri ndikutsuka makapu amene sanamweremo munthu, ndipo nditadzutsa mutu anali ataima pampanda, atavala malaya omwe aja. Anali ataonda moti lamba ankachita kumanga mfundo. Ndinakuwa, ndinalira, ndinagwa pansi, anthu n'kusonkhana. Iye anangoti, "Alhamdulillah," kuthokoza Mulungu, n'kunyamula mwana, mwanayo n'kulira poti sankamudziwanso.

Za kumene anali sananenepo, kwa ine kapena kwa wina aliyense, ndipo za pepala lija sanatchulepo. Patapita masiku ndinazindikira kanthu. Ndikamuitana ndili kudzanja lake lamanja ankayankha. Ndikakhala kumanzere, ngakhale pafupi, sankatembenuka. Ndinayesa kugwetsa mbale dala kumbali imeneyo, ndipo anatembenukira kwina kufuna kumene kwachokera phokoso. Khutu lamanzere anali atalisiya komweko.

Masana ena tinali pakhonde, iye ali ndi lichero pamiyendo akusankha mpunga. Ndinali nditakonzekera masiku ambiri. Ndinatuluka m'nyumba, ndipo miyendo yanga inandipititsa kumanzere kwake. Ndinakhala pansi. Ndinanena zonse. Ndinati ndinaona chidendene chija Lachisanu lomwelo ndipo ndinadziwa kuti munkanena zoona. Ndinati amantha sanali inu. Ndinati ndinagwedeza mutu chifukwa ndinkadziopera ndekha, ndipo khutu lanulo ndinaligontha ndine. Ndinati pepani, bambo a mwana, pepani.

Anaona milomo yanga ikuyenda, n'kutembenuza mutu wonse kuti andipatse khutu labwino lija.

"Mwati bwanji, amayi?"

Ndinayang'ana m'lichero.

"Ndati mpungawu uli ndi miyala yambiri."

"Eee," anatero, "wa ulendo uno ngwoipa."

Tinakhala limodzi zaka zina zambiri, tinabereka ana ena anayi, ndipo ndinamuika m'manda ndine. Mawu aja ndinawabwereza kambirimbiri, pakhonde, m'basi, kuchipatala masiku ake omaliza. Nthawi zonse ndinkakhala kumanzere.